Ndisamukire ku Lilongwe kuti ndikapeze ntchito?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 27, kwathu ndi ku Khombedza m'boma la Salima. Ndinamaliza digiri ya zaulangizi wa ulimi ku LUANAR zaka zitatu zapitazo. Makalata ofunsira ntchito ndatumiza osawerengeka, koma ku intavyu ndinaitanidwako kamodzi kokha. Panopa ndimathandiza amalume kugula ndi kugulitsa mpunga, komanso ndimalembera mabuku gulu la amayi a banki m'khonde. Msuweni wanga wa ku Area 25 akuti ndipite ndikakhale naye chifukwa ntchito zili ku Lilongwe. Palinso bambo wina amene akuti ndikam'patsa K150,000 andilowetsa ku bungwe lina. Nditani?

Yankho: Mng'ono wanga, ndiyambe ndi bambo wa K150,000 uja, poti m'kalata yanu yonse ndi nkhani yokhayo imene singadikire mawa. Musam'patse ngakhale tambala. Ndagwira ntchito mu ofesi yolemba antchito kwa zaka zoposa 20, ndipo sindinaonepo bungwe lolongosoka likulipiritsa munthu wofuna ntchito, kaya ndalamayo aitchule kuti ya fomu, ya yunifomu kapena ya kangachepe wa mabwana. Ambiri mwa anthu oterewa sagwira n'komwe kumene akunenako. Mukangotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nambala ija siipezekanso. Ngati alidi wa m'katimo, vuto ndi lalikulu kuposa apo, chifukwa wakudyerani kamodzi amabweranso, ndipo kwa mtsikana chimene amadzafuna ulendo wachiwiri kawirikawiri si ndalama. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwe wovutitsa munthu ndi zachiwerewere, ndipo za ziphuphu ndi ntchito ya a ACB. Mauthenga ake musafufute. Ngati akutchula dzina la bungwe, dziwitsani akuluakulu a bungwelo, kapena kaneneni ku polisi ya Salima.

Tsopano tikambe za makalata osayankhidwawo. Ndikulowetseni m'chipinda mmene timasankhira anthu oti abwere ku intavyu, chifukwa ambiri amene amalemba makalata sanalowemo.

Tikalengeza malo amodzi a mlangizi wa kumudzi, makalata amabwera mazanamazana. Timakhala anthu atatu kapena anayi patebulo, aliyense ndi mulu wake, ndipo kutsogolo kwa aliyense kuli pepala la mizeremizere. Pamutu pa mzere uliwonse timalembapo chimodzi mwa zimene tinaika m'chilengezo chija: maphunziro, zaka zimene munthu wagwirapo ntchito yofanana nayo, laisensi ya njinga yamoto, kompyuta, chiyankhulo. Ndikatenga CV yanu sindiiwerenga ngati nkhani ya m'nyuzi. Maso amangosaka zinthu zisanu zija, ndichonge kapena ndithethe. Pofika masana, kutentha kwa Salima kutalowa m'malata, mtima woti ndifufuze ngati mwanayu ali ndi luso limene waiwala kulemba umakhala utatha. Chimene simunalembe, kwa ine palibe.

CV yanu sindinaione, koma ndaona zambiri za anzanu moti ndikhoza kuilosera. Pamwamba pali dzina, tsiku lobadwa, mpingo, mfumu yaikulu, ndi mawu oti simunakwatiwe. Kenako sukulu zonse kuyambira ku pulayimale. Kenako miyezi itatu imene munakaphunzira ntchito muli ku koleji. Pansi pake zokonda: kuwerenga, kuimba kwaya, netibo. Kuchokera chaka chimene munamaliza digiri kufika lero, palibe chilichonse. Pa mzere uja wa "wagwirapo ntchito zaka ziwiri" ine ndithetha, ndipo kalata yanu ipita ku mulu wa kumanzere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kuthethako n'kolakwika, ndipo wandilakwitsa ndinu. M'funso lanu mwanena kuti mumagula mpunga komanso mumasunga mabuku a banki m'khonde, ndipo mwazitchula ngati zongotayitsa nthawi poyembekezera ntchito yeniyeni. Mng'ono wanga, mabungwe amalemba anthu ntchito, pa malipiro a pamwezi, kuti akachite zinthu ziwiri zomwezo: kulumikiza alimi ndi misika, komanso kukhazikitsa ndi kuyang'anira magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama. Mwakhala mukugwira ntchito zaka zitatu. Chimene mulibe ndi umboni wolembedwa, basi.

Umboniwo uli m'kope la amalume. Wogula mpunga aliyense amakhala ndi kope lachikuto cholimba, lodetsedwa ndi gaga, mmene mumalembedwa mayina ndi makilogalamu. Khalani nalo pansi madzulo amodzi, cholembera m'manja. Chaka chatha munagula matumba angati? Kwa alimi angati, a m'midzi iti? Kilombero anali wochuluka bwanji poyerekeza ndi faya? Mtengo unayamba bwanji nthawi yokolola, nanga unafika pati mu Disembala? Mumadziwa bwanji kuti mpunga wauma, mumaluma njere kapena muli ndi kachipangizo? Thumba limodzi la wosapuntha limatuluka makilogalamu angati ku chigayo? Mumagulitsa pa Kamuzu Road pompo, kapena mumakweza galimoto kupita nawo ku Lilongwe? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo mizere inayi kapena isanu imene ikusowa pa CV yanu. Tiyerekeze mwapeza kuti munagula matumba 400 kwa alimi 70 a m'midzi isanu ndi umodzi. Mulembe chomwecho m'Chingerezi, manambala ali poyera, ndi chaka chake. Munthu wotopa uja patebulo, diso lake limaima pa nambala. Mawu oti ndine wolimbikira, wodzipereka, wokonda kugwira ntchito ndi anzanga, aliyense mu mulumo walemba omwewo, moti sitimawaonanso.

Chitaninso chimodzimodzi ndi banki m'khonde. Mamembala alipo angati, mwagawana kangati chiyambireni kuwalembera, pogawana komaliza ndalama zinakwana zingati, ndipo munthu akalephera kubweza ngongole gulu linatani. Funso lomalizali likonzekereni bwino, chifukwa ku intavyu timalikonda. Aliyense angaloweze pamtima malamulo a banki m'khonde, koma amene anakhalapo pansi pa mtengo wa mango mayi wina akulira kuti mwamuna wake wamwera ndalama ya ngongole, enawo akufuna akam'lande mbuzi, amayankha mosiyana, ndipo ife timamva kusiyanako.

Chenjezo limodzi: musakometse mopyola. Musadzitchule manijala wa kampani imene kulibe. Lembani kuti ndi bizinesi ya pabanja yogula ndi kugulitsa mpunga, ndipo inu ntchito yanu inali yakutiyakuti. Bodza la pa CV limagwa ndi mafunso awiri okha, ndipo likagwa limagwetsa ndi zoona zomwe.

Zotsalazo n'zachidule. CV isapitirire masamba awiri. Chotsani mpingo, mtundu, ukwati ndi sukulu ya pulayimale. Zimene mwachita posachedwa zikhale pamwamba. Kalata yoperekeza CV ikhale tsamba limodzi, ndipo iziyankha chilengezo chimene muli nacho m'manja, mfundo ndi mfundo, pogwiritsa ntchito mawu omwe iwo alemba. Kalata imodzi yongosintha dzina la bungwe timaizindikira msanga, ndipo ena amaiwala n'kusintha komwe. Makalata asanu olembedwa mosamala pa mwezi aposa makumi asanu ongomwaza. Mukamatumiza pa imelo, zonse zikhale mu PDF imodzi yokhala ndi dzina lanu, osati zithunzi khumi za masatifiketi zojambulidwa pamkeka. Pamutu pa imelo mulembe dzina la ntchitoyo monga momwe anenera.

Ndipo foni. Chaka china tinasankha mtsikana wa m'mbali mwa nyanja amene tonse patebulo tinam'konda. Tinaimba Lolemba, foni yozima. Lachiwiri, yozima. Lachitatu m'mawa tinaimbanso, kenako tinatenga wotsatira pa mndandanda. Anadzatulukira patatha masabata awiri, akuti foni inali kotchaja ndipo kenako inawonongeka. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati tikanayesetsa kum'peza mwa njira ina, koma pa CV yake panali nambala imodzi yokhayo. Ikanipo ziwiri, ina ya TNM ina ya Airtel, kapena ya m'bale amene foni yake siizima, ndipo mum'dziwitse. Imelo muziitsegula tsiku lililonse ngakhale bandulo ili yochepa.

Tibwere ku funso lenileni, la Lilongwe. Maganizo anga ndi akuti musasamuke panopa.

Msuweni wanu sakunama kuti malikulu a mabungwe ali ku Lilongwe. Koma ntchito za ku likulu ndi za anthu amene agwira kale zaka zisanu kapena khumi. Za oyamba kumene, makamaka a zaulimi, zili kumunda, ndipo kumundako ndi kumene muli inu kale. Zilengezo za ntchito zimene amaziona wa ku Area 25 mu The Nation, mu The Daily Times, pa LinkedIn kapena m'magulu a WhatsApp, inu mukuzionanso muli ku Khombedza tsiku lomwelo. Kuchoka pa Salima kufika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Akakuitanani ku intavyu, mukwera minibasi dzulo lake, mukagona kwa msuweni wanu, m'mawa mwafika nthawi yabwino. Thandizo lake likhale limenelo, ndipo ndi lalikulu.

Mukasamuka, taonani zimene musiye. Mpunga musiya, banki m'khonde musiya, ndiye kuti mizere ija ya pa CV yaima pomwepo. Kandalama kochepa kamene mumapeza katha, ndipo ya minibasi yopitira ku City Centre muzipempha. Ndaona atsikana ambiri a madigiri akupita kwa achibale m'tauni kukasaka ntchito, pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi asanduka olera ana ndi ophika, osati chifukwa achibalewo ndi oipa, koma chifukwa munthu wokhala pakhomo tsiku lonse ntchito za pakhomo zimam'gwera. Chibale chimayamba kuzizira pa nkhani ya ufa ndi magetsi.

Palinso china chimene simukuchiona chifukwa munabadwira momwemo. Olemba ntchito m'maboma a m'mbali mwa nyanja timavutika kusunga antchito. Timalemba mnyamata wa m'tauni wa magiredi abwino, afika mu Okutobala, alawa kutentha, adwala malungo kawiri, mvula ikayamba njinga yamoto ititimira m'matope a ku dambo, pofika Malichi walemba kalata yosiya ntchito ndipo tiyambirenso kulengeza. Tikaona kalata ya munthu amene kwawo ndi konkuno, amene akudziwa kuti kwa mfumu salowa chilowelowe, amene amayi a m'mudzi amam'dziwa kuti ndi mwana wa uje, timaiika pambali. Choncho m'kalata yanu nenani poyera kuti mumakhala ku Khombedza ndipo mukufuna kugwirira ntchito ku Salima kapena ku Nkhotakota. Ngati mumamva Chiyao, lembani, chifukwa m'madera a kunyanja monga kwa Maganga ndi kwa Kuluunda chimathandiza zedi. Kumpoto kwa Nkhotakota, cha ku Dwangwa, Chitonga chimagwiranso ntchito yomweyo.

Maboma awiriwa si ouma pa ntchito za ulimi monga ena amaganizira. Onse ali pansi pa chigawo chimodzi cha zaulimi, Salima ADD. Kuli malo a kafukufuku ku Chitala ndi ku Lifuwu, kumenenso kuli sikimu ya mpunga. Kuli Salima Sugar Company mbali ya kwanu konko, Malawi Mangoes imene imagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono, ndipo mukatsata msewu wa M5 chakumpoto mupeza sikimu ya mpunga ya Bua, kenako Illovo ku Dwangwa ndi alimi a nzimbe ozungulira fakitaleyo. Nkhalango ya Nkhotakota yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo kusamala nkhalango yotere kumafuna anthu ogwira ntchito ndi midzi yoizungulira. Onjezanipo makopaletivu ndi mabungwe amene amabwera ndi mapulojekiti a ulimi wothirira, kadyedwe koyenera ndi ngozi za madzi osefukira. Sindikunena kuti malo onsewa akulemba anthu mwezi uno. Ndikunena kuti muwalembe papepala, mudziwe aliyense amachita chiyani, ndipo muziwatchera khutu.

Khutulo mungalitchere bwanji? Bungwe likafuna kuyamba pulojekiti m'boma, limakayamba lafotokoza ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe, ija timati DEC, imene wapampando wake ndi bwana DC. Likachoka apo limatsikira ku makomiti a chitukuko a kwa mfumu yaikulu ndi a m'midzi, ma ADC ndi ma VDC, a madera amene likagwireko. Izi zimachitika chilengezo cha ntchito chisanatuluke, nthawi zina miyezi ingapo. Inu mu DEC simulowa, koma a ku ofesi ya zaulimi amakhalamo, ndipo nkhani imafika ku ma EPA, maofesi a zaulimi a m'madera. N'chifukwa chake ndikuti sabata ino muvale bwino, mutenge satifiketi yanu, mupite ku EPA ya Khombedza mukaonane ndi a AEDC, mkulu wa alangizi pa ofesiyo. Mukawauze kuti ndinu mwana wa konkuno, munaphunzira zaulangizi, ndipo mukufuna kumathandiza masiku awiri pa sabata: minda yachitsanzo, masiku a chionetsero, kalembera wa alimi. Alangizi ndi ochepa poyerekeza ndi alimi, ndipo ambiri sakana dzanja lowonjezera. Mugwirizane za nthawi, mwina miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pakutha pake akulembereni kalata ya chidindo. Kudzipereka kopanda malire ndi kopanda kalata sindikulimbikitsa, chifukwa ena amakalambira pomwepo.

Ena adzati kumeneku ndiye kudziwana kumene timadandaula nako. Ayi. Kugula malo ndi ndalama kapena kulowa chifukwa bwana ndi malume ako n'kumene kumapha dziko. Koma kuti munthu wakuonani mukuphunzitsa alimi kubzala mpunga m'mizere, ndipo atafunsidwa anene zimene anaona, palibe cholakwa. Ndipo zikuthetserani vuto lina. Pa mayina atatu a anthu okuchitirani umboni, amalume sangakhalepo, poti m'bale sanganene choipa. Abusa okha sakwanira. Mukufunika mphunzitsi wanu mmodzi wa ku Bunda amene akukukumbukirani, a AEDC, ndi mlangizi wa chitukuko amene amayendera magulu a banki m'khonde. Muziwapempha kaye musanawalembe, ndipo mukaitanidwa ku intavyu muwadziwitse. Zimachititsa manyazi tikaimba foni munthu n'kufunsa kuti, "Mwati ndani?"

Ngati pa mpunga wa chaka chino mupezapo kandalama, pali zinthu ziwiri zimene ndingakonde mugule ndi ndalamayo m'malo mopatsa bambo uja. Choyamba ndi laisensi ya njinga yamoto. Tsegulani zilengezo za alangizi a kumudzi muone kuti ndi zingati zimene zimaifuna. Atsikana ambiri amagwera pa mzere umenewu, ndipo amene ali nayo amaoneka msanga mu mulu. Phunzirani kwa wa kabaza wodalirika wa kwanu, pabwalo la sukulu, kenako mukatsate ndondomeko ya ku Road Traffic kuti pepala likhale lenileni. Chachiwiri sichifuna ndalama zambiri, bandulo chabe: phunzirani KoboToolbox, pulogalamu yopangira mafomu a kalembera ndi kutolera mayankho pa foni. Ndi yaulere, ndipo kalembera wambiri wa mabungwe masiku ano amachitikira pa foni kapena tabuleti kudzera mu KoboCollect kapena ODK. Pangani fomu yanuyanu, mufunse alimi 30 amene mumawagula mpunga za mbewu, feteleza ndi zokolola zawo, mutsitse mayankhowo mu Excel, mulembe lipoti la masamba awiri. Ku intavyu mukalitulutse m'chikwama. Pa anthu khumi amene tawaitana, kawirikawiri palibe wina amene wabwera ndi chinthu chogwirika chotere.

Maganyu a kalembera a masabata awiri kapena atatu musawanyoze, ngakhalenso ntchito zimene akuti akufuna wa dipuloma. Digiri siithawa. Ambiri amene lero ndi oyang'anira mapulojekiti analowera pa khomo limenelo, woyang'anira kalembera atawaona kuti mafomu awo sabwera ndi zolakwika. M'kalata mungofotokoza chiganizo chimodzi chifukwa chimene mukuifunira ntchitoyo, kuti tisaganize kuti muthawa pakatha mwezi.

Ku boma nakonso musatseke khomo, ngakhale kumayenda pang'onopang'ono. Ntchito za m'makhonsolo zimadzera ku Local Government Service Commission, za m'maunduna ku Civil Service Commission, ndipo lamulo la 2013 lija limati polemba anthu m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Unduna wa Zantchito unayambitsa mu 2018 ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi a boma. Mukapita ku boma, dutsani pa ofesi ya zantchito mufunse ngati kalembera wake watsegulidwa, ndipo muyang'ane pa bolodi la zidziwitso la pa khonsolo. Ntchito zina zing'onozing'ono zimamatidwa pamenepo pokha, m'nyuzi sizifikamo.

Intavyu imodzi ija munapitako musaiiwale ngati maliro. Khalani pansi mulembe mafunso onse amene mukuwakumbukira, ndi pamene munachita chibwibwi. Mafunso a ntchito za kumudzi sasintha kwenikweni. Mukayankha, musayambe ndi zimene buku limanena. Yambani ndi tsiku lenileni: kunali kwakuti, vuto linali ili, ine ndinachita chakuti, zinatha motere. Yesererani mokweza m'Chingerezi pamaso pa mnzanu, chifukwa zaka zitatu za kumudzi zimalemeretsa lilime, ndipo limapepukanso mukaliyeseza.

Tsiku limene adzakupatseni ntchito, chimwemwe chisakusainitseni pepala musanaliwerenge. Lamulo la Employment Act la 2000 limati nthawi yokuyesani isapitirire miyezi 12, ndipo mayi woyembekezera ali ndi tchuthi cha masabata osachepera asanu ndi atatu akulandira malipiro onse. Pa penshoni, bwana amaika ndalama zosachepera 10 pa 100 ya malipiro anu, inu 5 pa 100. Mufunse kuti ndalamazo zikupita ku kampani iti, ndipo muziona sitetimenti yake. Kontirakiti ya chaka chimodzi musaiope, poti ntchito zambiri za mapulojekiti zili choncho. Ingodziwani tsiku lothera, ndipo muyambe kusaka ina kutatsala miyezi itatu.

Lilongwe ndidzakuuzani ndekha kuti pitani ngati mwapatsidwa malo ophunzirira ntchito kumeneko, ngati mwapeza thandizo la sukulu ya digiri yachiwiri, kapena ngati kalata ya ntchito ili m'manja. Pakadali pano muuzeni msuweni wanu kuti akusungireni mphasa ya usiku umodzi. Madzulo ano kabwerekeni kope lija kwa amalume, ndipo mukamaliza kuwerengetsa matumba munditumizire CV yatsopanoyo ndiione musanaitumize kwina kulikonse.